Ogulitsa atatu, msewu umodzi: lipoti la bekale ina ya ku Chinamwali

Ntchito yanga ndi kuthandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono pa kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu. Ndisanayambe zimenezi ndinakhala zaka zingapo ndikuyang'anira nyumba yosungiramo katundu, ndiye zomwe ndimazidziwa bwino ndi kope, sikelo ndi matumba. Lipotili likunena za bekale ina ya ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, yomwe ndinayenda nayo kuyambira chapakati pa 2022 mpaka kumapeto kwa 2024. Eni ake sindiwatchula dzina. Ndizingoti amayi, monga momwe antchito awo amawaitanira. Anandilola kulemba zonse, ndi zomwe zinatikanika zomwe, chifukwa tonse awiri tikuona anzathu ambiri a mabizinesi akugwera m'dzenje lomwelo.

Bekale yake si yaikulu. Ili ndi antchito 9, uvuni umodzi wa njerwa woyendera nkhuni, kauvuni kena kamagetsi ndi makina okandira fulawa. Amaphika buledi, mabanzi ndi masikono. Moto umayatsidwa cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo pofika m'bandakucha anyamata a njinga amakhala atandanda pakhomo, makatoni atamangidwa ndi mphira kumbuyo. Ena amalowera ku Matawale ndi ku Mpondabwino, ena ku Chikanda komwe kumakhala ophunzira a kuyunivesite, ndipo masiku a msika ena amapalasa mpaka ku Songani ndi ku Jali. Bekale ikapanda kuphika tsiku limodzi, si amayi okha amene amagona ndi nkhawa. Anyamatawa, eni maokala, ndi azimayi ogulitsa tiyi pamsika onse amabwerera chimanjamanja.

Chomwe anandiitanira

Chaka cha 2022 chinayamba ndi namondwe wa Ana, yemwe mu Januwale anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi anayamba kuzima maola ambirimbiri. Mu Febuluwale nkhondo ya Russia ndi Ukraine inabuka, ndipo mayiko awiriwa ndi ena mwa alimi aakulu a tirigu ndi mpendadzuwa padziko lonse. Fulawa ndi mafuta ophikira zinakwera. Mu Meyi kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Kenaka mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta. Pamene amayi amandiitana, bekale inali itatsekapo kangapo m'miyezi iwiri, osati chifukwa chosowa ogula, koma chifukwa chosowa chophika.

Chinthu choyamba chomwe anandiuza n'chakuti iwo anali atachenjera kale. "Achimwene, ine sindidalira munthu mmodzi ayi. Ndili ndi ogulitsa atatu. Uyu akapanda, ndimaimbira uyu." Anali ndi manambala atatu m'foni: shopu ina yoodetsa katundu m'tauni, bambo wina wa ku Mpondabwino, ndi shopu ina ya ku Limbe komwe ankatumako galimoto yahayala. Funso langa linali limodzi: nanga iwowo fulawayo amamutenga kuti?

Tinatha sabata tikufunsa. Yankho linatuluka lofanana konse. Atatu onsewo amaoda ku zigayo zazikulu za ku Blantyre. Zigayozo zimagaya tirigu wobwera pa sitima zapamadzi, wotsikira ku madoko a ku Mozambique, Nacala kapena Beira, ndipo amalipiridwa ndi madola, chifukwa tirigu wolimidwa m'dziko muno ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi yemwe timadya. Thumba lililonse, kaya agula kwa yani, limadutsa msewu umodzi wa M3, makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, pa galimoto yomwe imamwa dizilo wogulidwanso ndi madola omwewo. Manambala anali atatu, koma chitsime chinali chimodzi. Chikaphwa, onse atatu amayankha mawu amodzi tsiku limodzi: katundu kulibe.

Apa m'pamene ndimafuna mwini bizinesi aliyense aime kaye. Kuchuluka kwa anthu okugulitsani si chitetezo ngati onse amatunga pamodzi.

Kope la "chimachokera kuti"

Tinagula kope wamba la ana asukulu, n'kulemba chilichonse chomwe chimalowa pakhomo la bekale: fulawa, shuga, mafuta ophikira, yisiti, mchere, soda, nkhuni, madzi, magetsi, majumbo okutira buledi, ngakhale galimoto yahayala ija. Pa chilichonse tinayankha mafunso asanu. Timagula kwa yani? Iyeyo amachitenga kuti? Tikaitanitsa chimatha masiku angati chisanafike, zinthu zikakhala bwino, nanga zikavuta? Chimasungika nthawi yaitali bwanji? Chikasowa, uvuni umazima kapena timangovutika chabe?

Funso lomalizali ndi lomwe linatitsegula maso. Amayi maganizo awo onse anali pa fulawa, chifukwa ndiye amadya ndalama zambiri. Koma titabwerera m'mbuyo kuwerenga masiku omwe bekale inatseka, tinapeza kuti ena mwa masikuwo fulawa analipo ndithu. Chomwe chinasowa ndi yisiti. Kanthu kakang'ono, kobweranso kuchokera kunja, komwe pa mtengo wa buledi mmodzi sikaoneka n'komwe, koma kakasowa fulawa yense amangokhala m'matumba. Yisiti youma ya m'paketi yosatsegula imasungika miyezi yambiri ikakhala pouma ndi pozizira, ndipo katoni yake imakwana pansi pa tebulo. Amayi ankaigula ya sabata imodzi imodzi, monga momwe ankagulira china chilichonse.

Pomwe ndinalakwitsa ine

Langizo langa loyamba pa fulawa linali loipa, ndipo ndiyenera kulilemba momwe linalili. Ndinawauza kuti asunge fulawa wa mwezi wathunthu. Ndinkaganiza ngati munthu wa nyumba yaikulu yosungiramo katundu, yokhala ndi mphepo yokwanira ndi ndalama za eni ake zochuluka. Amayi anakatenga ngongole ku banki mkhonde, n'kudzaza kachipinda ka kuseri mpaka kudenga.

Zomba ndi malo a chinyontho. Mvula ikayamba, mtambo umatsika m'phiri n'kukhala pa madenga, ndipo makoma a simenti amatuluka thukuta. Matumba a pansi ndi ogunda khoma anayamba kuundana. Antchito ankatenga thumba lapafupi ndi chitseko, lomwe ndi latsopano, akale n'kumakalambira kumbuyo. Titafika kumbuyoko tinapeza tizilombo tikuyenda m'misoko ya matumba. Ena tinasefa, ena anapita kwa woweta nkhumba pa mtengo wolira. Uku chiwongoladzanja cha banki mkhonde chikuwerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama yogulira shuga ndi kulipira antchito inali itagona m'matumba. Bizinesi yaing'ono ingathe kufa sitoko ili yodzaza. Ndinawapepesa amayi, ndipo ntchito ya miyezi imeneyo sindinawalipiritse.

Tinasintha. Zing'onozing'ono zosungika, zomwe zikasowa zimazimitsa uvuni, monga yisiti, mchere ndi soda, tinayamba kusunga za miyezi itatu. Fulawa tinatsitsa kufika pa wa masabata awiri. Kalipentala wina anatikhomera thandala la matabwa lokweza matumba kuchoka pansi, ndipo tinasiya mpata woti munthu adutse pakati pa matumba ndi khoma. Thumba lililonse likafika limalembedwa tsiku ndi makala, ndipo loyamba kulowa ndilo liyambe kutuluka.

Nkhani ya nthawi yoitanitsira tinaithetsa ndi penti. Tinawerenga matumba omwe amatha pa tsiku, n'kuchulukitsa ndi masiku omwe katundu amachedwa zinthu zikavuta, osati zikakhala bwino, n'kuonjezerapo a masiku awiri. Kenaka tinasanja matumba okwana chiwerengerocho, n'kujambula mzere wofiira pakhoma pomwe analekezera. Lamulo lake n'losavuta: mzere ukaoneka, imbani foni lero lomwe. Safuna kompyuta, safuna kuti amayi akhalepo. Mnyamata wokanda fulawa, yemwe sukulu analekeza sitandade 6, ndiye anakhala mlonda wa mzerewo, ndipo sanauphonyepo.

Mbatata

Mzere wa pakhoma umathandiza katundu akachedwa. Suthandiza dola ikakwera. Kuti tichepetse kudalira chitsime chimodzi chija, panafunika kuti gawo lina la buledi lizichokera m'nthaka ya konkuno.

Tinayamba ndi chinangwa. Ufa wa kondowole, wa chinangwa chovikidwa m'madzi masiku angapo, suyenera m'buledi chifukwa cha fungo lake. Wofunika ndi wa chinangwa chosendedwa, chopalidwa, chofinyidwa ndi kuyanikidwa tsiku lomwelo chisanasase. M'chilimwe zimatheka. M'dzinja dzuwa la Zomba silidalirika, ndipo ufa unkabwera wotuwa ndi wonunkha. Tinangousiyira masikono a nthawi ya dzuwa.

Chomwe chinagwira ndi mbatata yofiira m'kati, ija ya vitamini A yomwe alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa, mitundu monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira. Siyigayidwa ufa ayi. Imatsukidwa bwino, kuphikidwa ndi nthunzi kuti isamwe madzi ambiri, kusendedwa, n'kupotedwa mpaka ikhale phala losalala lopanda zibuluma. Phalalo ndi lomwe limalowa m'malo mwa gawo lina la fulawa. Popeza lili kale ndi madzi ndi kutsekemera kwake, madzi othira amachepa, shuga nayenso amachepa.

Kuyesa kwake kunatitengera mausiku ambiri. Tirigu ali ndi kaulimbo kachibadwa komwe kamagwira mpweya wa yisiti kuti buledi atupe, mbatata ilibe. Usiku wina, chifukwa chofunitsitsa kupulumutsa fulawa, tinathira theka ndi theka. Buledi anatuluka wokongola maonekedwe, wachikasu ngati wothira mazira, koma wolemera ngati njerwa yosawotcha, ndipo podula ankamata mpeni. Anyamata a ku Chikanda anabwerera nawo makatoni osatha. Titatsika pang'onopang'ono tinakhazikika pa gawo limodzi mwa magawo anayi m'buledi, ndi limodzi mwa atatu m'mabanzi, omwe amapirira kulemera. Sikelo inakhala pa tebulo, osati kuyeza ndi maso, chifukwa mbatata ya munda uno ndi ya munda uwo zimasiyana madzi.

Ogula tinawauza zoona. Amayi poyamba ankafuna kungokhala chete, anthu aziganiza kuti ndi mazira. Ndinakana, ndipo iwonso atalingalira anavomera: munthu akadzazindikira yekha kuti mwamubisira, sakhulupiriranso china chilichonse chochokera mu uvuni wanu. Anyamata a njinga anauzidwa kuti azinena poyera kuti awa ndi mabanzi a mbatata. Azimayi a tiyi ndi amene anayamba kuwafuna kwambiri, ati amachedwa kuuma.

Alimi, ndi pomwe panakula nkhani

Kupeza mbatata kamodzi n'kosavuta. Kuipeza sabata iliyonse, ya mtundu womwewo, ndi ntchito ina. Tinasankha dala magulu awiri a alimi m'malo osiyana: lina kumtunda cha ku Thondwe, lolima ya mvula yomwe imakumbidwa kuyambira Epulo, lina kumunsi m'madimba a mbali ya mtsinje wa Likangala, kulowera ku Chilwa, lomwe limabzala madzi akaphwera n'kukumba chakumapeto kwa chaka. Phunziro la ogulitsa atatu lija tinali titalimva: minda iwiri yodalira mvula imodzi ndi munda umodzi.

Mgwirizano unali wa tsamba limodzi, m'Chichewa, wowerengedwa mokweza pamaso pa amfumu. Kugula ndi pa sikelo, osati pa mulu kapena thumba losokerera pamwamba lija mavenda amalikonda. Mtengo uzionedwa poyerekeza ndi wa pamsika wa Thondwe sabata imeneyo, n'kuonjezerapo pang'ono chifukwa cha kusankha. Alimi azibzala mosiyanitsa masabata kuti isakhwime yonse pamodzi. Malipiro tsiku lomwelo, pa Airtel Money kapena Mpamba.

Pepala linali labwino. Koma sabata ina mu 2023 mnyamata wa bekale anapita ku Thondwe n'kubwerako ndi matumba opanda kanthu. Mavenda anali atadutsa dzulo lake ndi ndalama m'manja, n'kusesa yonse. Amayi anapsa mtima kwambiri, ati anthu akumudzi sasunga pangano. Ndinapempha kuti tipite limodzi tikamve. Tinakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo mayi wina wachikulire, yemwe ndi msungichuma wa gululo, anatulutsa kakope kake kokutidwa ndi jumbo, n'kutisonyeza tsamba. Katundu wa ulendo wapitawo anali atalipiridwa patapita masabata awiri. Sabata imeneyo amayi anali atatsekera ndalama ku fulawa, poganiza kuti alimi adikira. Mayiyo sanakweze mawu. Anangoti, "Mayi, wa fulawa mumamupatsa musanakweze thumba. Ife mwatiika pambuyo chifukwa sititha kukutsekerani chitseko. Mwana wanga anabwezedwa kusukulu sabata imeneyo."

Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anapepesa. Pobwerera m'minibasi anandiuza kuti sanazindikire kuti akuchitira alimi zomwe iwo amadandaula akachitiridwa ndi eni magulosale omwe amatenga buledi pa ngongole. Kuyambira pamenepo ndalama ya mbatata imapatulidwa Lolemba, fulawa asanaitanitsidwe. Pa zonse zomwe tinasintha pa bekaleyi, ichi ndimachiyesa chachikulu kuposa mzere wa pakhoma. Bizinesi yaing'ono ikapanikizika imafinya yemwe ali wofooka kuposa iyo, ndipo wofookayo ndi yemweyo amene idzamufune tsiku loipa.

Freddy

Namondwe wa Freddy anagwa m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, mvula ya masiku angapo osaleka, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Za bizinesi ndi zazing'ono poyerekeza ndi maliro amenewo, koma lipotili ndi la bizinesi, ndiye ndinene zomwe zinachitika pa uvuni.

Mbatata sinatipulumutse. Malichi si nyengo yake. Ya kumtunda inali isanakhwime, ndipo minda ya kumunsi inamira. Galimoto yahayala sinayende kwa masiku angapo, magetsi kunalibe, foni zinkavuta. Chomwe chinagwira ntchito ndi fulawa wa masabata awiri uja, katoni ya yisiti pansi pa tebulo, manja a antchito m'malo mwa makina okandira, ndi njinga, zomwe zimadutsa pomwe galimoto yakanika. Komabe bekale inatseka masiku awiri, pa chifukwa chomwe m'kope lathu tinachilemba koma osachilabadira: nkhuni. Zinali pabwalo, pamtetete, ndipo zinanyowa mpaka m'kati. Fulawa alipo, yisiti ilipo, anthu akugogoda pakhomo kufuna buledi, koma moto ukungofuka utsi. Mvula itakata, chinthu choyamba kumangidwa chinali chisakasa cha malata akale chosungiramo nkhuni.

Alimi a kumunsi anataya mbewu yonse. Amayi anagula kholowa wa mbewu kwa gulu la ku Thondwe n'kutumiza kwa anzawo a ku Likangala, mtengo wake n'kudzadula pang'onopang'ono pa zokolola. Palibe anawakakamiza.

Nthawi ya mtendere ndiyo yovuta

Chapakati pa 2023 zinthu zinakhalako bata. Makina a ku Kapichira anali atayambanso kugwira ntchito, magetsi anasintha, fulawa ankapezeka. Apa m'pamene ntchito yonse ya mbatata inatsala pang'ono kufa, ndipo amene ankafuna kuipha ndi antchito a bekale eni ake. Zifukwa zawo zinali zomveka. Thumba la fulawa umangomasula n'kuthira. Mbatata njofunika kutsuka, kuphika, kusenda ikadali yotentha, kupota, zonsezo usiku, ndipo phala lake silichedwa kusasa popanda firiji, kotero la lero ndi la lero. Amayi nawo atawerengetsa anaona kuti miyezi imeneyo kusiyana kwa mtengo kunali kochepa. Anandifunsa ngati sikungakhale bwino kuima kaye, n'kudzayambiranso fulawa akadzavuta.

Ndinawauza kuti mlimi si mpopi woti mutseke lero mudzatsegule mu Novembala. Mukasiya kugula, chaka chamawa abzala china, mbewu ya mtunduwo itayika, antchito aiwala muyeso, ogula aiwala kukoma kwake. Tsiku lomwe mudzaifune mbatatayo, aliyense adzakhala akuifuna, ndipo inu mudzakhala mlendo pamzere. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Tinagwirizana kuti kugula kusaime, ngakhale kuchepe, ndipo kuti azimayi awiri a m'dera lomwelo alembedwe ganyu yokonza phala madzulo, kuti okanda fulawa asamalemedwe. Makoko a mbatata anayamba kupita kwa woweta nkhumba uja, iye n'kumabweza manyowa omwe ankakwera njinga kupita ku Thondwe.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masiku otsatira, ogulitsa atatu aja anachita zofanana ngati anapangana: wina foni osayankha, wina kuti katundu alipo koma mtengo tikuuzani mawa, wina kuti ngongole yatha, bweretsani ndalama m'manja. Sindikuwaweruza, iwonso samadziwa kuti thumba lomwe agulitse lero akaliwombola pa mtengo wanji. Koma sabata imeneyo mbatata ya m'madimba a Likangala, ya mbewu ija inatumizidwa pambuyo pa Freddy, inali ikukumbidwa. Inabwera pa njinga, pa mtengo wa kwacha womwe tinapangana. Fulawa wa masabata awiri anatambasuka kufika pafupifupi masabata atatu, ndipo amayi anapeza mpata wokweza mtengo wa buledi pang'onopang'ono m'malo modumpha kamodzi. Patapita miyezi ingapo alimi nawo anapempha kuti mtengo wawo ukwere, poti sopo, mchere ndi feteleza zinali zitakwera. Anali ndi chifukwa, ndipo unakwera. Katundu wa pafupi sathawa kugwa kwa kwacha. Amangochedwa kukumva, ndipo kuchedwa kumeneko ndi mpweya womwe bizinesi yaing'ono imapumira.

Chaka cha 2024 chinabweretsa mayeso amtundu wina. Ng'amba ya El Niño inapsereza chimanga, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mbatata inasanduka chakudya cha pakhomo, ya m'mawa ndi yamadzulo yomwe. Gulu la ku Thondwe linatumiza uthenga kuti silikwanitsa muyeso wa pa pepala. Mwa lamulo la mgwirizano amayi akanatha kuumirira. Sanatero. Anachepetsa okha zomwe amatenga, n'kusiya mbatata m'mabanzi mokha, buledi n'kubwerera ku fulawa yekhayekha kwa miyezi ingapo. Ndinagwirizana nawo. Simungachotse chakudya m'mbale ya ana a mlimi kuti mukaphikire anthu a m'tauni mabanzi, n'kumayembekeza kuti chaka chamawa adzakulandirani. Chaka chomwecho shuga anavuta kupezeka m'mashopu kwa kanthawi, ndipo mabanzi a mbatata, omwe safuna shuga wambiri, ndi amene anapitirira osasintha kukoma.

Nkhuni, majumbo ndi galimoto

Aliyense wokhala ku Zomba amaona momwe phiri likuyerera, ndipo amaona mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala zikutsika m'mawa uliwonse. Madzi omwe mzindawu umamwa amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo. Bekale yowotcha nkhuni za m'phirimo ikudula nthambi yomwe yakhalira, chifukwa popanda madzi palibe chokanda. Ndipo nkhuni zikamachokera kutali, mtengo wake umakwera chaka ndi chaka.

Tinayamba ndi uvuni weniweniwo. Chitseko chake chinali lata lopindika lotsamiritsidwa ndi njerwa, moto n'kumathawira m'mbali. Wowotcherera zitsulo anapanga chitseko chotseka bwino, mmisiri anamata ming'alu n'kukuta uvuni ndi khoma lachiwiri, pakati n'kuthirapo phulusa kuti kutentha kusatuluke. Kaphikidwe kanasanjidwa kuti buledi alowe moto uli waukali, mabanzi atsatire, masikono amalize ndi kutentha kotsala, osayatsa kawiri. Pa nkhuni zomwe, tinayamba kusakaniza ndi mitengo ya nandolo youma, yomwe kuno kumwera imapezeka yambiri akakolola, zotsala pocheka matabwa, ndi njerwa za moto zoumbidwa ndi utuchi ndi mankhusu a mpunga ochokera ku zigayo za mpunga wa m'chigwa cha Chilwa. Njerwazi zimasiya phulusa lambiri ndipo paokha sizifikitsa uvuni pomwe buledi amafuna. Ngolo ya nkhuni tsopano imakhalitsa kuposa kale, koma bekaleyi ikuwotchabe nkhuni, ndipo sindinganene kuti nkhaniyi tinaithetsa. Mankhusu omwe poyamba ankangotayidwa kuseri kwa chigayo tsopano eni ake ayamba kugulitsa.

Za majumbo n'zachidule. Malamulo a 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Kudalira katundu yemwe tsiku lililonse angalandidwe n'kudziika pa msampha. Mabanzi ndi masikono tsopano amapita m'makireti obwezedwa, oyalidwa pepala loyera. Buledi yekha ndiye amakutidwa, m'majumbo ovomerezeka.

Galimoto ya ku Limbe tinayesa kuigawana ndi eni mabekale ena atatu, kuti dizilo wa ulendo umodzi anyamule katundu wa anthu anayi. Maulendo oyamba anayenda bwino. Kenaka mmodzi anayamba kunena kuti mundilipirireko ndikubwezerani Lachisanu, Lachisanu lake osafika. Gululo linatsala la anthu atatu, ndi lamulo loti ndalama ilowe galimoto isananyamuke.

Pomwe zinthu zili

Kuyambira pomwe chisakasa cha nkhuni chinamangidwa mpaka pomwe ndimamaliza ntchito yanga, kope la amayi silikusonyeza tsiku lomwe bekale inatseka chifukwa chosowa chophikira, ngakhale m'miyezi yomaliza ya 2024 pomwe mizere ya mafuta inabwereranso. Phindu silinakule kwenikweni. Mitengo ya zinthu yadya zambiri mwa zomwe tinapulumutsa. Antchito 9 aja alipo onse, kuonjezapo azimayi awiri a phala. Ngongole ya banki mkhonde ija inatha kubwezedwa. Magawo atatu mwa anayi a buledi akadali tirigu wa pa sitima, wodutsa msewu womwe uja.

Dzenje lomwe latsala ndi la Januwale mpaka Malichi, pomwe ya m'madimba yatha, ya mvula isanakhwime, misewu ili pa chiopsezo, ndipo fulawa sasungika. Firiji yaikulu yoyendera dzuwa ikanatha kusunga phala, koma mtengo wake ndi wa madola, ndipo titawerengetsa tinaona kuti ingabwezeretse amayi m'ngongole yomwe angotulukamo. Tinatembenukira ku njira ya makolo, nkhuti: dzenje pamalo okwera, pamthunzi, mbatata yosankhidwa yopanda bala, yoyanikidwa kaye masiku angapo kuti khungu likhwime, yosanjidwa ndi phulusa. Nkhuti yoyamba ku Thondwe tinaifukula patapita miyezi iwiri, ndipo gawo lalikulu linali litafumbwa. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti munalowa ina yokhala kale ndi nankafumbwe kuchokera kumunda, chifukwa mizere inang'ambika isanakwiriridwe. Mbatata yofiirayi ndi yanthete kuposa yoyera yomwe agogo athu ankasunga. Gulu la ku Likangala lavomera kukumba nkhuti ziwiri ndi mbatata ya mu Disembala, imodzi ya Chipika yokha, ina ya Kadyaubwerere yokha, ndipo msungichuma wa ku Thondwe uja ndi amene apite kukawasonyeza kasankhidwe kake. Yoyamba idzafukulidwa kumapeto kwa Januwale, yachiwiri mu Febuluwale, ndipo zonse zidzayezedwa pa sikelo polowa ndi potuluka.